UKALAMBA WA ANTHU A KU MIGODI: MBIRI YA MALAMULO A BOMA KU DERA LA MOOINOOI

Mooinooi ndi tauni yaing'ono ya ku South Africa imene ili m'tsinde mwa mapiri a Magaliesberg, pakati pa Brits ndi Rustenburg, m'chigawo cha North West. Dzinali litanthauza namwali wokongola m'chinenero cha Mabunu, koma chimene chakokera anthu kumeneko chili pansi pa nthaka, ndicho miyala ya platinamu ndi kromu. Mwala wa platinamu umene Hans Merensky anauzindikira m'chaka cha 1924 unapezekanso m'dera la Rustenburg, ndipo migodi itatsegulidwa amuna a mitundu yambiri anayamba kufika: Atswana, Axhosa, Asotho, Amashangani a ku Mozambique, ndiponso Amalaŵi, ena kudzera mwa Wenela ndi ena mwa selefu. Za ntchito yawo zalembedwa zambiri. M'nkhani ino tifuna kulondola funso limene silifunsidwa kaŵirikaŵiri: munthu wotereyu mphamvu zikamthera, kodi Boma linati asamalidwe ndi yani, ndipo asamalidwe kuti?

Yankho loyamba silinalembedwe m'lamulo la okalamba ayi, koma m'kachitidwe ka migodi. Munthu ankalembedwa ntchito ya miyezi yoŵerengeka, nagona m'komponi, ndipo nthaŵi yake itakwana ankabwezedwa kwawo. M'chaka cha 1943, pamene bungwe la Lansdown linafufuza za malipiro a anthu akuda a m'migodi ya golide, eni migodi anafotokoza poyera kuti malipirowo sayenera kukwanira banja lonse popeza munthuyo ali ndi munda kumudzi. Maganizo omweŵa ndiwo analamulira nkhani ya ukalamba. Mgodi unatenga munthu ali mnyamata, ndipo mudzi unamlandira ali ndi chifuŵa, wogontha makutu, kapena wopanda zala. Mudzi ndiwo unali penshoni yake ndi chipatala chake, ngakhale mudziwo sunalandireko kanthu chifukwa cha udindo umenewu.

Lamulo loyamba la penshoni ya okalamba ku South Africa linakhazikitsidwa m'chaka cha 1928, motsatira malangizo a bungwe la Pienaar. Chimene chinaŵaŵa Boma la nthaŵi imeneyo chinali umphaŵi wa Azungu. Chotero Mzungu wokalamba akanatha kulandira mpaka £30 pa chaka, Mkaladi mpaka £18, koma munthu wakuda ndi Mmwenye sanaŵerengedwe konse. Chifukwa chimene chinaperekedwa ndi chomwe chija, chakuti mwambo wa anthu akuda umasamala nkhalamba zawo. Mwambowo ulipodi, ndipo sitiunyoza; komatu n'chinthu chomvetsa chisoni kuti khalidwe labwino la anthu linasandulika chifukwa chowamanira.

M'chaka cha 1944, Jan Hofmeyr ali nduna ya za chuma m'Boma la Jan Smuts, anthu akuda ndi Amwenye analoŵetsedwa m'lamuloli. Ndalama zake zinali zochepa ndiponso zosiyana monga mwa malo: wokhala m'mzinda waukulu £1 pa mwezi, wa m'tauni yaing'ono mashileni 15, wa kumudzi mashileni 10. M'chaka cha 1965 kusiyanaku kunachotsedwa, osati chifukwa cha chifundo, koma kuti penshoni isakope nkhalamba kukhala m'mizinda. Kwa zaka zambiri anthu akuda ankalandira ndalama zawo kamodzi pa miyezi iŵiri, ataima pa mzere tsiku lonse.

Chaka chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi cha 1967, pakuti m'chaka chimodzi chomwecho Boma linatulutsa zikalata ziŵiri zokhudza okalamba, ndipo tikaziika pamodzi tiona mtima wonse wa tsankho. Choyamba chinali lamulo lotchedwa Aged Persons Act, la nambala 81. Lamuloli linakonza za kulembetsa nyumba zosungiramo nkhalamba, za thandizo la ndalama limene Boma lipereka kwa mabungwe osunga nyumbazo, ndi za kuteteza wokalamba wozunzidwa. Poŵerenga, linali lamulo labwino. Koma nyumba zimene zinamangidwa ndi thandizo limenelo zinali makamaka za Azungu, zoyendetsedwa ndi mipingo yawo ndi mabungwe a amayi monga SAVF ya ku Transvaal, imene inayamba m'chaka cha 1904. Chikalata chachiŵiri chinali kalata yozungulira ya nambala 25, yochokera ku dipatimenti yoyang'anira anthu akuda. Kalatayi inauza akuluakulu a maboma kuti munthu wakuda ali m'dera la Azungu chifukwa cha ntchito yokha, ndi kuti amene sangathenso kugwira ntchito, monga nkhalamba, olumala ndi akazi amasiye, asamutsidwire ku madera amene anapatulidwira mitundu yawo. Kunena mwachidule, wina atakalamba Boma linammangira nyumba, ndipo wina atakalamba Boma linamtumizira lole.

Ku dera la Mooinooi zimenezi zinaoneka ndi maso. Pa 6 Disembala 1977 dziko la Bophuthatswana linapatsidwa ufulu wa dzina lokha pansi pa Lucas Mangope, ufulu umene dziko lina lililonse silinauvomere kupatula South Africa. Malire ake anadutsa m'kati mwa dera la migodi. Mooinooi inatsala mu Transvaal, pamene midzi monga Bapong ndi Phokeng inagwera mbali ya Bophuthatswana. Motero amuna aŵiri ogwira ntchito m'mgodi umodzi akanatha kukalamba pansi pa maboma aŵiri, ndi maofesi aŵiri ndi malamulo aŵiri. Amene sanali Mtswana koma akhala m'Bophuthatswana anavutika koposa, chifukwa penshoni inamangiriridwa ku unzika wa dzikolo. Anthu a ku Winterveld, kumpoto kwa Pretoria, anadziŵika kwambiri ndi vuto limeneli. Pofika chaka cha 1994 ntchito yosamalira anthu m'dziko lonse inali yogaŵikana m'madipatimenti 14, monga mwa khungu ndi mtundu.

Nanga Amalaŵi anali pati m'zonsezi? Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku Joni. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalaŵi oposa 70, ndipo Dr H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la Theba, koma ndi anthu ochepa, kufikira inatha m'chaka cha 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Amuna ameneŵa gawo lalikulu la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi, ndipo ambiri anagula njinga, wailesi ndi malata. Koma za ukalamba chokonzedwa chinali chochepa. Thumba la Mineworkers Provident Fund, limene chipani cha ogwira ntchito m'migodi chinamenyera nkhondo, linayamba m'chaka cha 1989, Amalaŵi ambiri atapita kale kapena akumanga katundu. Otsala anali matchona, amene anakwatira komweko, kapena kugwira ntchito m'mafamu a fodya ndi malalanje a ku Brits ndi Rustenburg, ena atasintha ndi maina omwe.

Penshoni ya mitundu yonse inafanana m'chaka cha 1993, patapita zaka 65 chiyambire lamulo loyamba lija. Bophuthatswana inatha mu Epulo 1994, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1996, m'ndime 27, anapatsa munthu aliyense ufulu wolandira thandizo la Boma ngati sangathe kudzisamala. Tsankho la khungu litachoka, panatsala funso la mlendo. Boma linatsegula khomo m'chaka cha 1995 kwa alendo amene anagwira ntchito m'migodi kwa zaka khumi, ndi m'chaka cha 1996 kwa anthu a maiko a SADC amene anakhala m'dzikomo kuyambira Julayi 1991 isanafike. Opambana analandira chilolezo chokhala mpaka kalekale. Koma lamulo la thandizo la 1992 linkati penshoni ndi ya nzika zokha, kotero kuti munthu akanatha kukhala ndi chilolezo chofera m'dzikomo koma wopanda chodya.

Amene anathyola chipata chimenechi sanali Amalaŵi, koma anansi athu a ku Mozambique amene anathaŵa nkhondo ya kwawo nakhala m'chigawo cha Limpopo. Mlandu wawo, wodziŵika ndi dzina la Khosa, unagamulidwa ndi bwalo lalikulu la malamulo a dziko mu Malichi 2004. Woweruza Yvonne Mokgoro anafotokoza kuti pamene ndime 27 inena za munthu aliyense, itanthauza munthu aliyense, osati nzika yokha, ndi kuti wokhala ndi chilolezo chokhazikika wasandutsa dzikolo kwawo ndipo wakhala akukhoma msonkho monga ena onse. Kuyambira pamenepo, mchona amene walandira penshoni ya ukalamba ku Bapong kapena ku Marikana osakhala nzika, wailandira chifukwa cha chigamulo chimenecho.

M'chaka chomwecho bwalo lomwelo, pa mlandu wa Mashavha, linagamula kuti kupereka ntchito ya penshoni m'manja mwa zigawo kunali kosayenera, popeza munthu sayenera kuvutika chifukwa chakuti chigawo chake n'chofooka. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe limodzi la dziko lonse, la SASSA, limene linayamba ntchito mu Epulo 2006. Pakati pa 2008 ndi 2010 msinkhu wa amuna unatsitsidwa kuchoka pa zaka 65 kufika pa 60, monga wa akazi. Mu Epulo 2024 penshoniyi inali R2,180 pa mwezi, ndipo olandira anali ngati mamiliyoni anayi. M'nyumba zambiri ndalama imeneyi ndiyo idyetsa zidzukulu.

Komabe munthu wokalamba safuna ndalama yokha. M'chaka cha 2000 nduna Zola Skweyiya inasankha komiti yofufuza za kuzunzidwa kwa okalamba, ndipo lipoti lake la 2001 linaulula nkhanza za m'nyumba zosungiramo nkhalamba, za pa mizere ya penshoni, ndi za m'mabanja momwe. Potsatira lipotili, ndiponso pangano la maiko la ku Madrid la 2002, panabadwa lamulo la Older Persons Act, la nambala 13 la 2006, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2010 m'malo mwa lija la 1967. Mtima wa lamuloli ndi wakuti wokalamba akhale pakati pa abale ake kufikira pamene sizingathekenso, ndipo thandizo limpeze komweko: chakudya, omsamalira pakhomo, ndi malo okomanirako masana. Lilamula Boma la dziko, la chigawo ndi la tauni kugwirira ntchito pamodzi m'njira imodzi. Pano pali mfundo ziŵiri zimene abusa ndi akulu a mpingo otumikira m'dzikomo ayenera kuzidziŵa. Mpingo ukafuna kutsegula nyumba ya nkhalamba kapena ntchito yozisamalira m'mudzi, uyenera kuilembetsa ku Boma. Ndiponso munthu aliyense woganizira kuti wokalamba akuzunzidwa ali ndi udindo wokanena kwa apolisi kapena ku dipatimenti yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo kukhala chete ndi mlandu. Nkhani yotere siithera m'bwalo la mpingo.

Lamulo lili bwino, koma ndalama zoliyendetsera zichokera ku zigawo, ndipo zachepa nthaŵi zambiri. M'chaka cha 2010 mabungwe osamalira anthu a ku Free State anapambana mlandu wotsutsa Boma la chigawo chawo pa nkhani ya thandizo losakwanira ndi lochedwa. Ku dera la platinamu kuli vuto linanso. Makomponi atayamba kuchepa, anthu ambiri anatenga ndalama ya nyumba nakamanga zisakasa za malata m'mbali mwa migodi. Dziko lonse lapansi linaziona zisakasazi pamene apolisi anaombera anthu 34 ku Marikana, pafupi ndi Mooinooi, pa 16 Ogasiti 2012. Lamulo lakuti wokalamba akhale pakati pa abale ake liganiza kuti abalewo alipo. M'zisakasa za ku Nkaneng, munthu amene anabwera yekha angathe kukalamba yekha.

Kwa amene anabwerera ku Malaŵi, malamulo onse tatchulaŵa sawakhudza, chifukwa penshoni ya ukalamba ya South Africa iperekedwa kwa wokhala m'dzikomo yekha. Chipukuta misozi cha R5 biliyoni chimene bwalo linavomereza m'chaka cha 2019, choyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, chifika ndi ku maiko ena, koma ndi cha odwala chifuŵa cha fumbi ndi TB a m'migodi ina ya golide. Wa ku platinamu sali m'gululi. Kwathu, Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006, koma asankha mabanja osaukitsitsa, osati wokalamba aliyense. Ndondomeko ya dziko ya okalamba inatuluka m'chaka cha 2016, chaka chomwe nkhalamba zinayi zinaphedwa ku Neno poziganizira ufiti, ndipo lamulo la okalamba la Malaŵi linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 2024.

Chotero mchona wokalamba wa ku dera la Mooinooi, amene mapepala ake ali bwino, aima pa mphambano imene malamulo a maiko aŵiriŵa sanaikonze. Akakhala, alandira penshoni mwezi ndi mwezi, koma adzaikidwa m'manda a chilendo. Akakwera basi kubwerera ku Dedza kapena ku Nkhata Bay kumene kuli abale omsunga, penshoniyo itsala pa Beitbridge. Amene alibe mapepala, amene analoŵa mwa selefu nalephera kulembetsa m'chaka cha 1996, alibe penshoni ku mbali zonse ziŵiri za Limpopo.