Mpeni Umene Agogo Athu Ankauopa

Amayi anzanga, pamene tikukumbukira zaka zimene bungwe lathu ladutsamo, nkoyenera kuti ticheukenso ndi kuona njira imene uchembere wayenda muno m'boma la Ntcheu. Ambiri a ife tidakula tikumva mawu akuti "wapita ku mpeni" akunenedwa monong'ona, ngati uthenga wa maliro. Lero mayi wopita ku mpeni timamulandira ndi nthungululu, mwana ali m'manja. Kodi chidasintha nchiyani?

Masiku amakedzana, matenda akayamba, mayi ankalowa m'chikuta pamodzi ndi azamba. Ambiri ankachira bwino. Koma mwana akapingasa, kapena mutu wake ukakula kuposa njira, padalibe chochita. Mayi ankamwetsedwa mwanamphepo, ndipo ena ankaumirizidwa kuulula amuna amene sadawadziwe nkomwe, poganiza kuti chigololo ndicho chatseka njira. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ndi pamene machira ankanyamuka kuchokera ku Tsangano kapena ku Kasinje, nthawi itatha kale. Motero anthu adayamba kunena kuti mpeni umapha, chonsecho chimene chinkapha kudali kuchedwa.

Nzeru yotulutsa mwana kudzera pamimba sidali ya Azungu okha. M'chaka cha 1879, Mngelezi wina dzina lake Robert Felkin adaona ndi maso ake asing'anga a ku Bunyoro, m'dziko la Uganda, akung'amba mayi atamumwetsa mowa wa nthochi, umenenso adasambira m'manja ndi kutsukira pamimbapo. Mayi ndi mwana yemwe adakhala ndi moyo. Nthawi imeneyo ku Ulaya amayi ambiri ong'ambidwa ankafa ndi kutaya magazi ndiponso mafinya a m'bala. Zinthu zidayamba kusintha mu 1882, pamene Max Sänger wa ku Germany adaphunzitsa kusoka chiberekero bwinobwino, ndi mu 1926, pamene John Munro Kerr wa ku Scotland adafalitsa kachekedwe kopingasa kumunsi kwa chiberekero. Kachekedwe kameneka kamapola bwino, ndipo ndi kamene madokotala akutsata mpaka lero.

Kwathu kuno vuto lalikulu kudali kuchepa kwa madokotala, pakuti sukulu yathu ya udokotala ku Blantyre idatsegulidwa mu 1991. Koma boma lidali litayamba kale, mu 1976, kuphunzitsa ma clinical officer, ndipo iwowa ndiwo akhala akuchita maopaleshoni ochuluka m'zipatala za m'maboma monga chathu cha pa Ntcheu.

Ngakhale mpeni udafika pafupi chotere, amayi ankachedwabe kumudzi. Kafukufuku wa boma wa mu 2000 adapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira. Mu 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa. Muno mu Ntcheu, Inkosi Kwataine idaika chindapusa kwa ochirira pakhomo, ndipo idasankha amayi achinsinsi oti azidziwa oyembekezera onse a m'mudzi ndi kuwakumbutsa za sikelo. Mbiri ya ntchitoyi idamveka kutali, kotero kuti mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda adaika Inkosiyo patsogolo pa ntchito ya uchembere wabwino m'dziko lonse. Pofika kafukufuku wa 2015 ndi 2016, imfa zija zidatsika kufika pa 439, ana 91 mwa 100 ankabadwira kuchipatala, ndipo 6 mwa 100 ankabadwa pa opaleshoni.

Tsono popeza safunsa adadya phula, tiyeni tiuze ana athu zimene adzaona. Opaleshoni imachitika mwana akapingasa, njira ikachepa, nsengwa ikatseka khomo la chiberekero, mtima wa mwana ukayamba kufooka, kapena magazi a mayi akathamanga kwambiri. Achipatala amafotokoza chifukwa chake, mayi nkusayina kuvomera. Amamuika dilipi ndi kapaipi ka mkodzo, ndipo kawirikawiri amamubaya jakisoni pamsana, imene imachititsa dzanzi kuyambira m'mimba mpaka kumapazi. Mayi amakhala ali maso, nsalu itatchinga pachifuwa. Amamva kukokedwa koma osati kupweteka, ndipo pakangopita mphindi zowerengeka amamva kulira kwa mwana wake. Ntchito yonse, pamodzi ndi kusoka, imatha pafupifupi ola limodzi. Amayamba kuyamwitsa msanga, mawa lake amamuyendetsa pang'onopang'ono, ndipo pakapanda chovuta amatuluka patatha masiku atatu kapena anayi.

Akafika kumudzi, ntchito yatsala ndi yathu. Kwa masabata 6 asagwire munsi, asasenze ndowa kapena mtolo wa nkhuni. Bala likafiira, likatulutsa mafinya, thupi likatentha kapena magazi akachuluka, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Adikire zaka ziwiri asanatenge pakati pena, ndipo nthawi ikadzayandikira akakhale kuchidikiro, chifukwa chipsera cha m'chiberekero chikhoza kung'ambika.

Amayi anzanga, tileke kutcha wong'ambidwa kuti ndi waulesi. Agogo athu ambiri adapita kumanda ndi ana m'mimba posowa mpeni womwewu. Tikamva kuti mnzathu watuluka kuchipatala, tinyamule ufa ndi nkhuni, tikamutungire madzi mpaka bala litapola.