Mzere wa a Jumbe: Alendo Amene Anasintha Gombe la Nyanja Yathu

M'mwezi wa Ramadan, mpunga umene timadya pa futari m'midzi ya kwa Maganga, kwa Pemba ndi kwa Kuluunda uli ndi mbiri yake. Mbiriyi ikutitengera kumpoto, ku Nkhotakota, kumene kunakhazikika mzere wa mafumu achiswahili otchedwa a Jumbe. Iwo anabweretsa zambiri zimene tikunyadira lero, komanso anasiya bala limene Msilamu woona sayenera kulibisa.

Cha m'ma 1840, Sultan Seyyid Said atasamutsira likulu lake ku Zanzibar kuchoka ku Oman, malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo anakula kwambiri. Minda ya mitengo ya karafuu pachilumbacho inkafuna anthu ogwira ntchito, ndipo misika ya ku India, ku Ulaya ndi ku America inkafuna minyanga. M'nyengo imeneyi wamalonda wina dzina lake Salim bin Abdallah anafika ku Nkhotakota. Anapempha malo kwa mfumu yachichewa Malenga Chanzi, ndipo anamulandira monga mlendo. Koma mlendoyu anali ndi mfuti, nsalu ndi mikanda, ndipo pang'onopang'ono mphamvu zake zinaposa za eni dziko. Anatenga dzina laulemu lakuti Jumbe, nadziwika ngati woimira Sultan wa ku Zanzibar m'dera lino.

Nkhotakota anamusankha chifukwa cha dooko lake lobisika ku mphepo ya mwera. Kumeneko ankakhoma zombo zamatanga zowolotsa katundu kupita kutsidya, kumene ulendo wapansi unkayambira mpaka ku Kilwa. David Livingstone anafika m'derali mu 1861 ndi mu 1863, ndipo anaona ndi maso ake malondawa akuchitika. Iye analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo okwana 19,000 ochokera m'maiko ozungulira nyanja ino ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Chiwerengerochi sichiphatikizapo amene ankafera m'njira ndi goli m'khosi.

Salim bin Abdallah atamwalira, udindo unapita kwa Mwinyi Nguzo, kenako kwa Tawakali Sudi, Jumbe wachitatu, amene analamulira nthawi yaitali. M'masiku ake dziko linayamba kutembenuka. Mu 1873 Sultan Barghash anatseka msika wa akapolo ku Zanzibar, ngakhale malondawo anapitirira mozemba. Mu 1889 Harry Johnston anapangana ndi Tawakali Sudi, ndipo Jumbeyu anavomera chitetezo cha Britain ndi kusiya malonda a akapolo posinthana ndi ndalama za chaka ndi chaka. Atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse. Boma la atsamunda linamuchotsa pampando ndi kumuthamangitsira ku Zanzibar. Ufumu wa a Jumbe unathera pomwepo, patadutsa zaka pafupifupi makumi asanu.

Mpando unatha, koma anthu anatsala. Amalonda achiswahili anali atakwatira akazi achichewa ndi achiyao, ndipo ana awo analeredwa kuchikazi, monga mwa mwambo wa kuno. Ndiye chifukwa chake zidzukulu zawo lero zimayankhula Chichewa ndipo sizisiyana ndi anansi awo. Mpunga wa faya umene amalima m'madambo a m'mbali mwa nyanja, mitengo ya kokonati, kanzu ndi kofia, ndi mawu achiswahili amene analowa m'chinenero chathu, zonsezi ndi mapazi a nthawi imeneyo. Chachikulu koposa, Nkhotakota anakhala dera limene Achewa ambiri analowa Chisilamu, pamene madera ena ambiri Chisilamu chinafalikira pakati pa Ayao.

Kuno ku Salima chinalowera njira ziwiri. Kumpoto kunali Nkhotakota wa a Jumbe, ndipo kuchokera kutsidya ndi kumwera kunabwera mafumu achiyao amene anamanga midzi m'gombe lino. Ophunzitsa Qur'an ankayenda pakati pa madera awiriwa, ndipo ana ankaphunzira kulemba ndi zilembo zachiarabu sukulu za mishoni zisanafike. Ubale wa Nkhotakota ndi Zanzibar sunathe ndi kuchoka kwa Jumbe womaliza. Mu 1929 mayi wina wophunzira, Mtumwa binti Ali, anabwerera ku Nkhotakota kuchokera ku Zanzibar ndi chiphunzitso cha twariqa ya Qadiriyya, imene zikiri zake zikumvekabe m'misikiti yambiri ya m'mbali mwa nyanja.

Nanga ophunzira athu tiwauze chiyani? Ena amafuna kutamanda a Jumbe ngati atumiki a dini okhaokha. Ena amafuna kuti Chisilamu chonse chinyamule mlandu wa goli. Onsewa akusiya theka la choona. A Jumbe anabwera kudzachita malonda, ndipo kusakaza midzi yamtendere pofuna kugwira anthu ndi kuwagulitsa ndi zulumu imene dini yathu siivomereza. Abu Bakr, Allah asangalale naye, anawombola Bilal ndi chuma chake, ndipo Bilal yemweyo ndiye anakhala woitanira swala woyamba wa Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye. Ngakhale m'malamulo a Ramadan, dipo loyamba la munthu wowononga swaumu mwadala pokhala malo amodzi ndi mkazi wake masana ndi kumasula kapolo.

Lero pa mzere umodzi wa swala ya tarawehe pamaima mdzukulu wa amene anagulitsa ndi mdzukulu wa amene anagulitsidwa, ndipo nthawi zambiri magazi onsewa ali mwa munthu mmodzi. Palibe mwana wosenza tchimo la agogo ake. Koma mwana aliyense ali ndi udindo wodziwa choona ndi kuchinena mwachilungamo. Ophunzira a m'madrasa athu afunseni agogo, akadali moyo, kumene mtundu wanu unachokera, ndipo mulembe zimene akuuzeni. Allah atikhululukire ife ndi makolo athu, ndipo alandire swaumu yathu. Ameen.