Testosterone mwa azimai: zimene a ku Mukobeko ayenera kudziwa

Anthu ambiri amaganiza kuti testosterone ndi homoni ya amuna okha. Zoona zake n'zakuti thupi la mkazi nalonso limaipanga, m'timatumba ta mazira ndi m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Kusiyana kwake n'kwakuti m'magazi a mkazi imakhala yocepa kakhumi kapena kuposerapo poyerekeza ndi mwamuna.

Homoni imeneyi imayamba kucepa mkazi akali wacitsikana ndithu. Pofika zaka za m'ma 40 imakhala pafupifupi theka la mmene inaliri pa zaka 20. Kuleka kusamba, kumene kumacitika pakati pa zaka 45 ndi 55 kwa azimai ambiri, sikuigwetsa mwadzidzidzi. Cimene cimaigwetsa msanga ndi opareshoni yocotsa timatumba tonse tiwiri ta mazira. Mapiritsi olera, mankhwala monga prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, ndiponso kutaya magazi kwambiri pobereka mpaka kuononga kaciwalo ka pituitary kamene kali pansi pa ubongo, nazonso zimaicepetsa.

Funso lalikulu n'lakuti: ndani ayenera kupatsidwa testosterone? M'caka ca 2019 mabungwe a akatswiri a zaumoyo a m'maiko osiyanasiyana anagwirizana pa mfundo imodzi. Umboni wokwanira ulipo pa vuto limodzi cabe: mai amene analeka kusamba, amene cilakolako ca za m'banja catheratu, ndipo zimenezi zikumuvutitsa mumtima. Palibe umboni wokwanira wakuti homoniyi imacotsa kutopa, imalimbitsa mafupa kapena kuthetsa kuiwalaiwala. Kupima magazi pakokha sikungasonyeze kuti mai ali ndi vutoli. Kutentha thupi mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku, mankhwala ake ndi homoni ina, ya oestrogen.

Apa m'pamene mai wa ku Mukobeko ayenera kucenjera. Kufooka ndi kusafuna mwamuna kuli ndi magwero ambiri: kucepa kwa magazi, matenda a shuga, cithokomiro, HIV, kuvutika maganizo, kuwawa pokumana cifukwa ca kuuma kwa njira, ngakhale mikangano ya m'nyumba imene piritsi silingaithetse. Mu Kabwe mulinso nkhani ya mtovu. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi, makamaka m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo umacepetsa magazi ndi kufoola thupi. Mai amene anakhalako zaka zambiri acita bwino kumuuza dokotala zimenezi. Ulendo umayambira pa kiliniki ya m'komboni, kumene angamutumize ku Kabwe Central Hospital, ndipo nkhani ikakula, ku UTH mu Lusaka.

Mankhwala opangidwira akazi enieni ndi osowa pa dziko lonse. Ku Ulaya kunali kacigamba komata pakhungu ka Intrinsa, kamene kanaloledwa mu 2006 n'kucotsedwa pamsika mu 2012. Dziko la Australia linavomereza mafuta odzola a AndroFeme mu 2020. Kumene kulibe otere, madokotala amapereka mafuta a amuna pa mlingo wa gawo limodzi mwa magawo khumi, akumapima magazi nthawi ndi nthawi. Pakapita miyezi 6 popanda kusintha, mankhwala amalekedwa.

Jekeseni ya amuna ndiyo yoopsa, pakuti imakweza homoni kupitirira malire. Zotsatira zake ndi ziphuphu, ndevu, kuthothoka kwa tsitsi ndi mau aakulu ngati a mwamuna, ndipo mauwo angakhale otero kwa moyo wonse. Mai wapakati kapena woyamwitsa sayenera kuikhudza n'komwe, ndipo amene anadwalapo khansa ya m'mawere ayenera kuyamba waonana ndi katswiri. Mu Zambia, mankhwala alionse ogulitsidwa ayenera kukhala olembetsedwa ku bungwe la ZAMRA, molingana ndi lamulo la mankhwala la 2013. Botolo lotsatsidwa pa Facebook kapena pa WhatsApp, lopanda cilolezo ca bungweli, palibe angatsimikize cimene cili m'kati mwake.