Amphaka a ku Minamata, nkhuku za ku Kabwe

M'zaka za m'ma 1950 asodzi a ku Minamata, ku Japan, anayamba kuona malodza. Amphaka awo ankadzandira, kuzungulirazungulira pamodzimodzi, ena mpaka kugwera m'nyanja. Akhwangwala ankagwa ali mlengalenga. Anthu anangoti ndi nthenda ya amphaka, moyo n'kumapitirira. Kenaka inalowa m'nyumba. Pa 1 May 1956 dokotala Hajime Hosokawa wa pachipatala cha fakitale ya Chisso anakanena kwa akuluakulu azaumoyo kuti kwabuka nthenda yosadziwika: ana akulephera kuyenda, lilime likulemera, thupi likungonjenjemera.

Ntchito yofufuza inagwera akatswiri a yunivesite ya Kumamoto. Anatumbula nsomba, anayeza nkhono ndi matope apansi pa nyanja, ndipo mu 1959 analoza chala mercury wa m'madzi oipa a fakitaleyo. Chimene anapezacho chinasanduka phata la maphunziro a mmene poizoni amayendera m'chilengedwe. Poizoni amene m'madzi ndi wochepa, akalowa m'thupi la chamoyo satulukamo msanga. Kansomba kamamusunga, nsomba yaikulu yodya tinsomba tambirimbiri imaunjika wa tonseto, ndipo mphaka kapena mwana wa msodzi wodya nsombayo tsiku ndi tsiku ndiye amasenza mtolo wonse. Chowawa n'chakuti boma la Japan linavomereza zimenezi mu 1968. Zaka zonsezo mipope inali ikukhuthulirabe m'nyanja.

Kwina nako kunali kulira komweko. Buku la Rachel Carson la mu 1962, Silent Spring, linadzudzula mankhwala a DDT, ndipo mu 1967 Derek Ratcliffe ku Britain anaonetsa kuti zikamba za mazira a mbalame zolusa zapyapyala. Mu 1969 René Truhaut wa ku France anapatsa phunziroli dzina lakuti ecotoxicology, ndipo pang'onopang'ono linapeza malo m'mayunivesite.

Kwathu kuno kalasi yake yaikulu ndi Kabwe, ku Zambia. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 n'kutsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidakali m'mabwalo a Kasanda, Chowa ndi Makululu, kumene ana amasewera pansi n'kumaika zala m'kamwa. Amene analimbikira kufufuza kumeneko ndi madokotala a ziweto a pa University of Zambia, mogwirizana ndi anzawo a ku Hokkaido University. Anayeza ng'ombe, anatchera makoswe, anatumbula nkhuku zachikuda zimene zimatola chakudya m'dothi, napeza mtovu wambiri m'chiwindi ndi m'impso zake. Atafika poyeza magazi a ana, anapeza zomwe ziwetozo zinali zitanena kale. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo chimene chaonongekacho sichibwerera.

N'chifukwa chake ine sindiona maphunzirowa ngati a anthu okonda mbalame chabe. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa mumtsinje wa Kafue. Nsomba zinafa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Migodi ikutsegulidwa ku Malawi nakonso. Mayunivesite athu apatsidwe makina oyezera ndi ndalama zofufuzira tsopano, kuti dothi, madzi ndi nsomba ziyezedwe mgodi usanayambe kukumbidwa.