Zojambula za m'Phanga la Kalemba

Anyamata ndi atsikana, aphunzitsi akati lero tijambula, ambiri a inu muganiza za pepala, pensulo ndi mapu a Zambia opentedwa pa cipupa ca sukulu. Mwina muyesa kuti luso limeneli linabwera ndi sukulu. Iai. M'boma lathu la Chadiza muli phanga lochedwa Kalemba, loyang'ana cigwa ca Chipwete, ndipo pa thanthwe lake pali zojambula za makolo.

Mbiri ya phangali inafika ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone mu 1955. Mu 1971 katswiri wina, David Phillipson, anakumba pansi pake napeza zida zamwala zosonyeza kuti anthu anayamba kukhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Akulu asimbanso kuti m'zaka za m'ma 1800 anthu anali kubisalamo pothawa nkhondo za Angoni.

Zojambulazo sizakale ngati zidazo. M'mapanga a dera lathu, kuyambira kuno mpaka ku Dedza m'Malawi, muli mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri, ndipo Acewa amati anazisiya Akafula. Zoyera ndi za Acewa eni ake, zopakidwa ndi cala coviika m'dothi loyera. Zina anajambula amuna a Nyau, monga kasiyamaliro. Zina zioneka ngati buluzi wotambasula miyendo, ndipo ofufuza anapeza kuti zimenezi zinali za amai a cinamwali.

Taganizani bwino pamenepa. Amene anali kuyang'ana zithunzi zimenezi anali atsikana a msinkhu wanu. Kunalibe buku, kunalibe coko. Namkungwi anali kulangiza ndi nyimbo, ndi zoumba zadothi, ndi cithunzi, kuti mwambo ukhazikike m'mutu. Cithunzi sicinali cokongoletsa cabe, cinali phunziro, ndipo amene sanalangizidwe anali kuona buluzi basi. Ana a sukulu ambiri akafunsidwa ngati cithunzi n'cabwino amayamba ayang'ana ngati cifanana ndi cinthu ceniceni. Makolo aja funso lao linali lina: kodi cikumbutsa ciani?

Ku Malawi, malo 127 otere a ku Chongoni analembedwa ndi UNESCO mu 2006 pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. Kuno kwathu lamulo la 1989 liteteza malo a mbiri, koma lamulo siligona kuphanga. Comvetsa cisoni n'cakuti m'mapanga ena amene aphunzira kulemba ndiwo alemba maina ao ndi makala pamwamba pa zojambula, ndipo pofufuta makalawo utoto wakale nawo ucoka.

Gulu lanu likafuna kukaona Kalemba, yambani mwapempha kwa anyakwawa a kumeneko. Tengani kope ndi pensulo, mukakopere zimene muona, osakhudza thanthwe ngakhale kulithira madzi.