Mbiri ya Maulendo a Njinga m'Timisewu ta Kumidzi ku Britain

Ku Britain kuli mwambo woti chisanu chikatha, anthu a m'matauni amatulutsa njinga zawo zakapalasa n'kukathera tsiku lonse m'timisewu ta kumidzi, kenaka n'kubwerera kwawo dzuwa litapendeka. Nyengo yake ndi ya mphukira, kuyambira mwezi wa Malichi mpaka Meyi, pamene mitengo yomwe inayoyola masamba imaphukiranso, usana umatalika, ndipo matope a m'njira amayamba kuuma. Mwambowu unatheka chifukwa cha zinthu zitatu zimene zinakumana kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, zomwe ndi misewu imene inali itasowa oyendamo, masiku opuma amene lamulo linapatsa antchito, ndiponso njinga imene munthu wamba akanatha kukwera popanda kuika moyo wake pachiswe.

Timisewu timeneti ndi takale kuposa njinga, pakuti tambiri tinayamba ngati njira za ziweto ndi ngolo zopita kuminda, kuchigayo ndi kumsika, n'chifukwa chake n'tokhotakhota ndiponso topapatiza. Pakati pa 1750 ndi 1850, Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo ambirimbiri ogawira eni chuma minda ndi madambo amene kale mudzi wonse unkagwiritsa ntchito pamodzi, ndipo malire atsopanowo anawadzala mipanda ya zitsamba zaminga zotchedwa hawthorn, zimene zimachita maluwa oyera m'mwezi wa Meyi. Motero kukongola kumene opalasa njinga amakukonda kunachokera m'mbiri yowawa, ya alimi osauka amene anataya malo odyetsera ziweto n'kuthamangira m'mafakitale a ku Manchester, Birmingham ndi Leeds. Misewu ikuluikulu inali m'manja mwa mabungwe otolera msonkho pazipata kwa aliyense wodutsa, koma sitima zapamtunda zitafalikira m'zaka za m'ma 1840, ngolo za akavalo zonyamula anthu zinatha ntchito, msonkho unachepa, misewu inakumbika, ndipo nyumba zogona alendo za m'mbali mwa njira zinasowa makasitomala. Bungwe lomaliza lotolera msonkho pazipata linatha mu 1895.

Nthawi yopuma inabwera pang'onopang'ono. Mu 1871, lamulo limene Sir John Lubbock analimbikira linakhazikitsa masiku anayi a tchuthi ku England, ndipo awiri mwa iwo, Lolemba lotsatira Pasaka ndi Lolemba lotsatira Pentekoste, ankagwa m'nyengo ya mphukira kapena kumayambiriro kwa nyengo yofunda. Mafakitale ndi maofesi ambiri anayambanso kuweruka masana Loweruka, kotero kuti kalaliki kapena mmisiri ankatha kukhala ndi tsiku limodzi ndi theka loti achite nalo zimene afuna. Komabe njinga ya m'zaka za m'ma 1870 inali ya gudumu lalikulu kutsogolo, lotalika mpaka mita imodzi ndi theka, ndi kagudumu kakang'ono kumbuyo, ndipo popeza wokwera ankakhala pamwamba pa gudumu lalikululo, kamwala kochepa kankatha kumugwetsa chamutu. Inalinso yodula, moti oikwera anali anyamata amphamvu a m'mabanja opeza bwino.

Anyamata amenewa ndi amene anayambitsa bungwe la Bicycle Touring Club ku Harrogate mu 1878, lomwe mu 1883 linasintha dzina kukhala Cyclists' Touring Club, mwachidule CTC. Bungweli linkasindikiza mabuku ofotokoza njira, linkagwirizana mitengo ndi eni nyumba zogona alendo, omwe ankapachika pakhoma chizindikiro chake cha gudumu lokhala ndi mapiko atatu, ndipo linkakhoma zikwangwani zochenjeza pamitsetse yoopsa boma lisanayambe kuchita zimenezo. Mu 1886 linagwirizana ndi bungwe lina la opalasa njinga, la National Cyclists' Union, pokhazikitsa Roads Improvement Association, gulu lokakamiza akuluakulu a maboma kukonza misewu, ndipo mu 1888 lamulo la maboma ang'onoang'ono linavomereza kuti njinga ili ndi ufulu woyenda mumsewu mofanana ndi ngolo, zimene zinathetsa timalamulo tosiyanasiyana tomwe makhonsolo ankavutitsa nato opalasa.

Chimene chinatsekulira anthu ambiri njira ndi njinga ya Rover, imene John Kemp Starley anapanga ku Coventry mu 1885. Wokwera ankakhala pafupi ndi nthaka, pakati pa magudumu awiri osasiyana kwambiri kukula, ndipo mphamvu ya miyendo inkafika ku gudumu lakumbuyo kudzera pa tcheni, monga zilili ndi njinga za lero. Patatha zaka zitatu, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, anapanga tayala lopopa mpweya, limene linachepetsa kugwedezeka pamisewu ya miyala n'kuwonjezera liwiro. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1890 dziko lonse linali litatengeka ndi njinga, ndipo mu 1899 mamembala a CTC anaposa 60,000. Anthu a ku London ankakonda msewu wopita ku Portsmouth, n'kukapumira pamudzi wa Ripley m'chigawo cha Surrey, pomwe nyumba ya alendo ya Anchor inatchuka kwambiri, moti ofika ankalemba mayina awo m'mabuku a alendo. Buku la nthano la H. G. Wells la mu 1896, The Wheels of Chance, limanena za wantchito wa m'sitolo ya nsalu amene anathera tchuthi chake panjinga kumwera kwa England, ndipo likusonyeza kuti chisangalalochi chinali chitafika kwa anthu a malipiro ochepa.

Antchito a m'mafakitale anadzipangira gulu lawolawo. Mu 1894, Tom Groom ndi anzake a ku Birmingham, amene ankawerenga nyuzipepala ya The Clarion ya Robert Blatchford, yolimbikitsa kuti chuma cha dziko chizipindulira onse, anayambitsa kalabu ya njinga yomwe inatenga dzina la nyuzipepalayo. Pa Pasaka wa 1895 makalabu oterewa anakumana ku Ashbourne m'chigawo cha Derbyshire n'kukhazikitsa National Clarion Cycling Club, ndipo msonkhano wa pa Pasaka unakhala mwambo umene ukuchitikabe. Mamembala ake ankanyamula timapepala ta ndale n'kumagawa m'midzi imene adutsa, ndipo kwa iwo mpweya wabwino wa kumudzi unali ufulu wa munthu amene wathera sabata yonse muutsi wa fakitale. Nyumba ya Clarion House, yomwe inamangidwa mu 1912 kufupi ndi phiri la Pendle ku Lancashire, imalandirabe opalasa njinga ndi oyenda pansi Lamlungu, kuti amwe tiyi ndi kupuma.

Kwa amayi, njinga inapereka mwayi woyenda mtunda wautali popanda woperekeza, koma anthu ambiri sanakondwe nazo, makamaka amayiwo akavala zovala zonga mathalauza m'malo mwa masiketi aatali omwe ankakodwa mu tcheni. Mu 1898, mwini hotela ya Hautboy ku Ockham, kufupi ndi Ripley, anakana kuti mayi wina wopalasa njinga, Lady Harberton, adyere m'chipinda cha alendo olemekezeka chifukwa cha kavalidwe kotere, ndipo CTC inakamang'ala kukhoti. Mlanduwo unaweruzidwa mu 1899 mokomera mwini hotelayo, komabe unachititsa kuti nkhani ya ufulu wa amayi panjira ikambidwe m'nyuzipepala za dziko lonse.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatenga miyoyo ya opalasa njinga ambiri, ndipo mu Meyi 1921 anthu zikwizikwi anasonkhana pamudzi wa Meriden, pakati pa England, potsekulira chipilala chowakumbukira. Mapemphero a chikumbutsochi amachitikabe chaka ndi chaka m'mwezi womwewo. Zaka zotsatira zinali za chimake cha mwambowu, chifukwa njinga zinatsika mtengo, misewu yambiri inathiridwa phula, ndipo bungwe la Youth Hostels Association, lomwe linayamba mu 1930, linkapereka malo ogona otchipa kwa achinyamata apaulendo.

Misewu imene opalasa njinga anaimenyera nkhondo kuti ikonzedwe ndi yomwe inadzadzaza galimoto nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mu 1949 anthu a ku Britain anapalasa makilomita oposa 20 biliyoni, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pansi pa 5 biliyoni, ndipo opalasa otsalawo anathawira m'timisewu topapatiza timene oyendetsa galimoto othamanga ankatipewa. Ntchito yobwezeretsa malo a njinga inayambika ku Bristol mu 1977 ndi gulu limene linadzakhala Sustrans, lomwe linasandutsa njanji yakale ya pakati pa Bristol ndi Bath kukhala njira ya njinga, ndipo mu 1995 linayamba kulumikiza njira zoterezi ndi timisewu tabata m'dziko lonse pansi pa dzina la National Cycle Network. CTC, yomwe kuyambira 2016 imadziwika kuti Cycling UK, inali m'gulu la olimbikitsa kusintha kwa malamulo a pamsewu kwa mu 2022, kumene kumauza woyendetsa galimoto kusiya mpata wosachepera mita imodzi ndi theka popitirira wanjinga. Mbiri yonseyi ikusonyeza kuti tsiku lopalasa kumudzi linapezeka chifukwa anthu anasonkhana m'mabungwe, kusonkha ndalama ndi kukakamiza opanga malamulo, ndipo lidzapitirira pokhapokha mibadwo yatsopano itavomera kugwira ntchito yomweyo.