Golide ndi Ciyambi ca Mzinda wa Chipata

Mzinda wa Chipata unayamba cifukwa ca dyera la makampani a ku Britain pa golide. M'caka ca 1891, wamalonda wa ku Germany, Carl Wiese, analandira cilolezo cokumba miyala kwa Mpezeni, mfumu yaikulu ya Angoni. Cilolezoco cinadzagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland.

Mu Januwale 1898, asilikali ocokera ku dziko limene lero ndi Malawi anathira nkhondo Angoni. Nsingu, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Pambuyo pace kampani ya Cecil Rhodes inamanga Fort Jameson, imene inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Golide wambiri sanapezeke, motero azungu anatembenukira ku ulimi wa fodya.